Kukumba Maenje ndi Kuimika Nsanamira za Nkhokwe

M'mapepala apitawa tinakambirana za mbeu zokhwima msanga ndi za kubyala cinangwa ndi mapira pambali pa cimanga. Pepala lino likunena za nchito imene imacitika pakhomo, kuseri kwa nyumba, ndiyo yokumba maenje ndi kuimika nsanamira zonyamula nkhokwe. Ena adzati nkhani iyi ndi yacibwana, pakuti mwana aliyense wa m'mudzi anaonapo atate ake akukumba dzenje. Koma poyendera midzi ya m'maboma a Katete, Chadiza, Petauke ndi Nyimba, nkhokwe zambiri zimene taziona zitagwa kapena kupendama zinali zolukidwa bwino, ndi denga labwino. Cimene cinalephera cinali pansi pa nthaka, pamene maso saona.

CIFUKWA CAKE TIKUKAMBA ZIMENEZI TSOPANO

Caka ca cilala nkhokwe imakhala yopanda kanthu, ndipo palibe amene amaiyang'ana, pakuti mtima wa aliyense uli pa kusaka cakudya ca tsiku limenelo. Koma ciswe sicipuma. Cimafunafuna mtengo uliwonse wouma umene wakhudza nthaka, ndipo nsanamira za nkhokwe ndizo zili pafupi. Cimadya m'kati ndi kusiya kunja kukuoneka bwino. Nkhokwe yopanda kanthu ikhoza kuima caka cathunthu pa nsanamira zodyeka cotere. Imagwa pamene mwaidzaza.

Tsiku lodzaza limafika ndithu. Akulu akukumbukira 1992, caka ca cimanga cacikasu cocokera kunja, ndiponso kuti mu 1993 mvula inagwa bwino ndipo anthu anakolola zambiri. Zinacitikanso posacedwapa. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka mwa 2.2 miliyoni amene anabyalidwa. Caka cimeneco dziko lathu linakolola matani 1.5 miliyoni cabe. Caka cotsatira, 2025, ciwerengero ca boma cinaonetsa matani oposa 3.6 miliyoni. Cimanga conseco cinafunika posungira. Banja lotaya zokolola zake zoyamba litangocoka m'njala limabwerera pa mzere wa cithandizo m'caka cimene mvula inagwa bwino, ndipo zimenezi n'zomvetsa cisoni kuposa cilala ceni-ceni.

Musanaganize zomanga nkhokwe yatsopano, yesani imene muli nayo. Fukulani dothi mozungulira nsanamira iliyonse kuya kwa masentimita 15, ndi kubaya mtengowo ndi nsonga ya mpeni. Mtengo umaolera pamenepo, m'malire a nthaka, cifukwa ndi pamene cinyontho ndi mpweya zimakumana. Pansi peni-peni pa dzenje mpweya ndi wocepa, ndipo pamwamba dzuwa limaumitsa. Mpeni ukalowa mosavuta, kapena mukagogoda ndi msana wa nkhwangwa n'kumveka ngati ng'oma, nsanamirayo yatha.

KATUNDU AMENE NSANAMIRA ZIMASENZA

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Nkhokwe imene cimanga cake citatonoledwa cingadzaze matumba 30 ili ndi makilogalamu 1,500 a maso okha-okha. Onjezani zitsononkho, makoko, nsungwi, dothi lomatira ndi denga, mupeza kuti katunduyo wafika makilogalamu 2,000 kapena kuposa.

Nsanja ya mamita 2 m'litali ndi 2 m'lifupi imafuna nsanamira 9, mizere itatu ya nsanamira zitatu-zitatu, zotalikirana mita imodzi. Nsanamira zimenezi sizigawana katundu mofanana. Yapangodya imasenza pang'ono, monga matumba awiri ndi theka. Yapakati peni-peni imasenza gawo limodzi la magawo anai a katundu yense, monga matumba 10, usana ndi usiku kwa miyezi yambiri. Komabe anthu ambiri amasankhira ngodya mitengo yokongola cifukwa ndiyo imaoneka, ndi kuika wotsala pakati. Inu citani mosiyana. Mtengo wonenepa ndi wolimba koposa upite pakati, ndipo dzenje lake likhale ndi mwala waukulu koposa.

MTENGO WOYENERA

Dzenje labwino silingapulumutse mtengo woipa. Cimene cimalimbana ndi ciswe ndi mtima wa mtengo, mbali yofiira kapena yodera ya m'kati. Mbali yoyera ya kunja imadyeka ngakhale pa mtengo wa mtundu wolimba. Cotero poona kunenepa kwa nsanamira yang'anani podulidwa ndi kuyesa mtimawo. Nsanamira ya nkhokwe ikhale ya masentimita 12 mpaka 15 m'mimba mwake, ndipo mbali yaikulu ikhale mtima.

Muwanga, umene ena amati mubanga, ndi tsanya, amene kwina amati mupani, ndiyo mitengo imene makolo athu anaidalira, ndipo sanalakwe. Imatha zaka zambiri m'nthaka. A ku cigwa ca Luangwa ali ndi mwai wa tsanya. Mkalati ndi naphini wokhwima nazonso ndi zabwino. Mombo ndi anzake otipatsa luzi saima nthawi yaitali m'nthaka, ndipo malaina ndi bulugamu wosathira mankhwala ndi cakudya ca ciswe. Mitengo imeneyi igwiritseni nchito pamwamba, monga mitanda ndi mapaso, pamene sikhudza dothi. Msangu musaudule konse. Ndi wofewa, ndipo phindu lake lili m'munda mmene umathira conde.

Tidziwa kuti muwanga wasowa pafupi ndi midzi yambiri, makamaka kumene makala anaocedwa kwambiri m'caka ca njala. Sitikuuzani kuti mukamalize yotsalayo. Yambani mwayang'ana mitengo yakufa yoima kapena yogwa kale, pakuti mtima wa muwanga wouma ndi wolimba ngakhale kunja kutadyeka. Yang'ananinso nsanamira za nyumba zakale ndi makola osiyidwa. Zina mukadula mbali yoolayo zimatsala zotalika mokwanira. Musanadule mtengo wauwisi pemphani kwa amfumu, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ndi boma simuloledwa kudula popanda cilolezo ca ofesi ya za nkhalango. Amene anabyala kasiya kapena gliricidia, mtengo umene ofufuza a ku Msekera pafupi ndi Chipata anathandiza kufalitsa, angapezemo nsanamira ngati mitengoyo yakalamba ndi kupanga mtima. Koma gliricidia wauwisi amaphuka mukamuzika. Zimenezi n'zabwino pa mpanda, osati pansi pa nkhokwe.

Cenjerani ndi mitengo yocokera ku nkhokwe yakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 dziko lathu lili ndi nankafumbwe wamkulu uja amene amasandutsa cimanga ufa. Kacilomboka kamaboolanso mitengo youma ndi kubisala m'menemo kuyembekeza zokolola zatsopano. Mtanda umene uli ndi timabowo tozungulira totulutsa fumbi upite pamoto.

Nsanamira iliyonse ikhale ndi mphanda yolimba kumutu, ndipo kutalika kwake kucokera kunsi mpaka pa mphanda kukhale mita imodzi ndi masentimita 80. Masentimita 60 alowa m'nthaka, ndipo 120 atsala pamwamba. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti gawo limodzi la magawo atatu likhale pansi.

Sendani makungwa onse, cifukwa amasunga cinyontho ndipo ciswe cimayenda kunsi kwake osaoneka. Mtengo wauwisi uumitseni pamthunzi, utasanjika pa miyala, kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Mtengo wozikidwa wauwisi umacepa pouma ndipo umayamba kugwedera m'dzenje. Kunsi kwake dulani mofanana bwino, osasongola ai. Kusongola n'kwa zikhomo ndi mitengo ya mpanda imene timakhomera m'nthaka. Nsanamira yosongola ikasenza matumba 10 imatitimira m'dothi lonyowa monga msomali.

Ambiri amafunsa za kuwaula kunsi kwa mtengo pamoto, za phulusa ndi za oilo wakale wa galimoto. Maganizo athu ndi awa. Kuwaula kumathandiza pang'ono, malinga muwaule mpaka masentimita 20 pamwamba pa malire a nthaka, ndipo musapsereze mpaka mtengo kung'aluka. Phulusa nalonso limathandiza pang'ono, koma mvula imalisungunula. Oilo salowa kutali m'mtengo, ndipo amaononga nthaka ndi madzi, cotero asafike pafupi ndi citsime kapena dimba. Palibe cimodzi mwa zitatuzi cimene cingasandutse malaina kukhala muwanga. Akulu ena akukumbukira dieldrin ndi aldrin, mankhwala amene kale ankathiridwa m'maenje. Analetsedwa ndi pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001 kaamba ka kuopsa kwake kwa anthu ndi ziweto. Wina akakugulitsani mankhwala a ciswe m'botolo lopanda dzina, kanani. Amene angathe kugula mitengo yothiridwa mankhwala ku fakitale acita bwino, koma mbali yodulidwa iyang'ane kumwamba, ndipo zidutswa zake zisasonkhezedwe pamoto wophikira, cifukwa utsi ndi phulusa lake ndi poizoni.

MALO NDI ZIKHOMO

Sankhani malo okwera pang'ono, pamene madzi a padenga la nyumba sadutsa. Pakhale patali ndi culu, ndi moto wa m'khichini, ndi nthambi za mitengo zimene makoswe angalumphirepo. Musamange pamene panali dzala kapena cimbudzi cokwiriridwa, pakuti dothi lake limatitimira kwa zaka zambiri. Zulani zitsa zonse ndi mizu yakufa. Ngati nsanamira zakale zinadyedwa ndi ciswe, musabwezere zatsopano m'maenje omwewo. Sunthani nkhokwe yonse.

Lambulani malowo ndi kukhoma zikhomo zinai m'ngodya, zotalikirana mamita 2. Kuti mudziwe ngati ngodya zalungama, yesani ndi cingwe kucokera pa cikhomo cimodzi kufika pa ca kungodya yopingasa, kenaka yesani ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyi ikafanana, ngodya zili bwino. Ikasiyana, sunthani zikhomo mpaka ifanane. Amisiri omanga nyumba ali ndi njira ina. Dulani kamtengo ka masentimita 40. Kucokera pangodya yesani timitengo 3 mbali imodzi ndi 4 mbali inayo, ndipo pakati pa mapeto awiriwo payenera kukwana timitengo 5. Ana a sukulu amaidziwa nkhani iyi ya 3, 4 ndi 5. Aitaneni akuthandizeni, adzakondwa kuona kuti masamu ali ndi nchito pakhomo.

Mukatero khomani zikhomo zina zisanu za pakati. Kumbukirani kuti mukayamba kukumba zikhomo zimazuka. Cotero khomani zina kunja kwa malowo, phazi limodzi kapena awiri kupitirira mzere uliwonse, kuti muzikokapo cingwe nthawi iliyonse pamene mufuna kuona mzere.

KUKUMBA

Nthawi yabwino ndi Epulo ndi kuciyambi kwa Meyi, mvula itangoleka, pamene nthaka ikali yofewa ndipo cimanga cikali kuuma m'munda. Wodikira mpaka cimanga cafika pabwalo amakumba mothamanga m'nthaka youma, ndipo maenje ake amathera m'cigongono.

Dzenje la nsanamira likhale lopapatiza ndi lakuya. Khasu limakumba dzenje lotambalala ngati mbale, lalikulu kukamwa ndi losongoka pansi, ndipo nsanamira ya m'dzenje lotere yazunguliridwa ndi dothi lofukula lokha-lokha. Mphamvu ili m'nthaka imene sinakhudzidwe. M'mimba mwa dzenje mukhale kuwirikiza kawiri kunenepa kwa mtengo, monga masentimita 30, kungosiya mpata wolowa ndodo yotsindira mbali zonse. Makoma ake atsike moongoka mpaka pansi. Gwiritsani nchito citsulo cokumbira. Ngati mulibe, zulani nkhwangwa mumpini wake ndi kuizika kunsonga kwa mtengo woongoka, monga amacitira okumba mbewa ndi zilazi. Dothi litulutseni ndi mbale yakale kapena citini.

Potulutsa dothi pangani milu iwiri. Lapamwamba, lakuda, la udzu ndi mizu, likhale palokha, ndipo lisabwerere m'dzenje, cifukwa limaola, limafwefwentha ndipo limaitana ciswe. Kalithireni m'dimba. Lapansi ndilo lotsindira.

Kuya kwake kukhale masentimita 70, kuti mwala wa pansi ukalowa patsale 60 a mtengo. Munthu wamkulu akagona camimba ndi kulowetsa mkono mpaka m'khwapa, zala zake zimafika pafupi ndi pamenepo. Koma mikono imasiyana, cotero dulani kamtengo kamodzi ka muyeso ndi kuyesera maenje onse.

Nthaka nayonso imasiyana. Katondo amagwira mtengo bwino, ndipo muyeso umene tachulawu ndi wokwanira. Mu mcenga onjezani masentimita 15 kapena 20, dulani nsanamira zotalikirapo, ndipo sakanizani dothi lotsindira ndi timiyala kapena ndi katondo wocokera kwina. Makande ndi amene amanyenga anthu. M'cilimwe amauma gwa, ndipo munthu amaganiza kuti wapeza maziko olimba. Koma yang'anani ming'alu yake mu Okutobala. Dothi limeneli limafufuma likanyowa ndi kukhwinyata likauma, ndipo caka ndi caka limakankha nsanamira uku ndi uku. Ngati mulibe malo ena, kumbani kupitirira pamene ming'alu imathera, ndipo tsindirani ndi timiyala tosakaniza ndi mcenga m'malo mwa makande omwewo.

Nthaka ikauma kwambiri musalimbane nayo. Kumbani kuya kwa cikhatho cimodzi, thiranimo madzi, ndi kusiya usiku wonse. M'mawa mudzakumba mosavuta, ndipo mubwereze cimodzi-modzi madzulo. Sitikunena madzi akumwa amene amai atunga kutali. Otsukira mbale, ocapira ndi osambira akwanira. Mukakumana ndi thanthwe musanafike pa muyeso, thanthwelo ndi maziko abwino, koma nsanamira yosazama imafuna kuunjikiridwa miyala yotsindira bwino mozungulira.

Dzenje losiyidwa lotsegula usiku limathyola mwendo wa mwana, wa mbuzi kapena wa ng'ombe. Vundikirani ndi lata kapena mitengo, ndi kuikapo mwala.

KUIMIKA

Pansi pa dzenje lililonse ikani mwala wophwatalala, wokulirapo kuposa kunsi kwa mtengo, ndi kuutsindira mpaka utakhazikika osagwedera. Nchito yake ndi kumwaza katundu pa malo aakulu kuti mtengo usatitimire. Njerwa yooca bwino ingagwire nchito, koma yosapsa imasungunuka.

Nchito iyi imafuna anthu atatu: wogwira mtengo, woyang'ana, ndi wotsindira. Yambani ndi nsanamira zinai za m'ngodya. Woyang'ana amange kamwala kucingwe, aime patali pang'ono, akweze cingweco ndi kuona ngati mtengo ukutsatana naco. Akatero azungulire ndi kuyang'ana kucokera mbali ina, pakuti mtengo ukhoza kuoneka woongoka kucokera kum'mawa pamene wapendamira kum'mawa komweko. Mitengo ya m'thengo siongoka ngati ya magetsi. Cofunika ndi cakuti mphanda ikhale pamwamba peni-peni pa kunsi kwa mtengo, ngakhale pakati pakhote pang'ono.

Musanathire dothi onani zinthu ziwiri. Coyamba, mphanda za mumzere umodzi ziyang'ane mbali imodzi, kuti mtanda ukagonemo bwino. Mtengo wotsindira kale sutembenuka. Caciwiri, mphanda zonse zikhale pa msinkhu umodzi. Musayese kucokera pansi, cifukwa bwalo limatsetsereka ngakhale maso saona. Njira yabwino ndi ya paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi: mukakweza mapeto ake awiri, madzi amaima pa msinkhu wofanana mbali zonse. Opanda paipi agoneke thabwa loongoka pa mphanda ziwiri ndi kuikapo botolo la madzi losadzaza kweni-kweni. Kampweya ka m'botolo kamathawira mbali yokwera. Mphanda ikatsika, zulani mtengo ndi kuonjezera timiyala kunsi kwa mwala. Ikakwera, kumbani pang'ono. Za m'ngodya zikakhala bwino, kokani cingwe kucokera m'mphanda ina kufika m'inzake, ndipo za pakati zitsate cingweco. Nsanamira imodzi ikatsika ndi zala ziwiri zokha, sisenza kanthu, ndipo katundu wake amapita kwa zinzake kapena amathyola mtanda.

Tsopano kutsindira, ndipo apa ndi pamene nchito zambiri zimaonongekera. Kukankhira dothi lonse m'dzenje ndi khasu n'kupondaponda pamwamba ndi cidendene sikutsindira. Pamwamba pamaoneka polimba, koma pansi pali mphako zimene mvula yoyamba idzadzaza. Thirani dothi la cikhatho cimodzi, masentimita 10, ndi kulitsindira mozungulira ndi ndodo yolemera yosasongola mpaka ndodoyo iyambe kudumpha ndi kumveka mouma. Kenaka thirani lina. Dzenje limodzi limafuna kutero kasanu ndi kamodzi kapena kuposa. Zigawo ziwiri zoyamba ndizo zimagwira phazi la mtengo, cotero musazithamangire, ndipo woyang'ana abwereze kuyesa ndi kamwala kaja pakatha zigawo ziwiri zilizonse.

Dothi likhale lonyowa pang'ono. Lifinyeni m'dzanja. Likaumbika osatulutsa madzi, ndipo n'kuphwanyika mukaligwetsa, lili bwino. Louma silitsindika, ndipo matope amacepa akauma ndi kusiya mpata mozungulira mtengo. Kusakanizamo timiyala kumalimbitsa, koma miyala yaikulu imasiya mphako. Mukatsindira mokwanira mudzadabwa kuona kuti dothi latsala locepa, ngakhale mtengo watenga malo m'dzenje. Likatsala lambiri, simunatsindire. Pomaliza umbani kamtumbira kozungulira mtengo, kotsetserekera kunja, kuti madzi asaime patsinde.

Gwirani mphanda ndi manja awiri ndi kugwedeza mwamphamvu. Dothi la patsinde likasuntha, fukulani ndi kuyambanso. Ndi bwino kutaya ola limodzi lero kusiyana ndi kufukula pansi pa nkhokwe yodzaza.

NANGA SIMENTI?

Pa nkhokwe ya mitengo sitiona cifukwa cogulira simenti. Dothi lotsindira bwino likwanira, ndipo ndalamayo ingagule malata ochinga makoswe. Simenti siletsa kuola. Mtengo ukauma umacepa ndi kusiya kampata, madzi amalowamo, ndipo ngati simentiyo yatseka ndi kunsi komwe, mtengo umakhala ngati waima m'kapu ya madzi. Ukaola, kuucotsa n'kobvuta. Amene afunabe kuthira, makamaka mu mcenga, aimike mtengo pa timiyala coyamba kuti madzi azituluka kunsi. Asakanize muyeso 1 wa simenti, 3 ya mcenga ndi 6 ya miyala, aumbe pamwamba motsetsereka, ndipo azinyowetsa kwa masiku 7 asanaikepo katundu. Simenti imagwira nchito yabwino pa zipilala za njerwa zooca, kwa amene angathe, cifukwa pamenepo palibe mtengo wokhudza nthaka.

MAKOSWE NDI KUSAMALA

Tinasiya masentimita 120 pamwamba kaamba ka makoswe. Khoswe amalumpha kwambiri, ndipo lata loikidwa m'munsi amangolidumpha. Dulani lata losalala, likulungeni pa nsanamira ngati cipewa coyang'ana pansi, pa msinkhu wa masentimita 90 mpaka mita imodzi, m'mphepete mwake mutatalikira mtengo ndi masentimita pafupi-fupi 25. Khomani ndi misomali osasiya mpata. Nsanamira zonse 9 zikhale nalo. Kuiwala yapakati n'cimodzi-modzi kusaika konse. Ndipo malata alibe nchito ngati makwerero, njinga, makasu kapena nkhuni zatsamira pa nkhokwe. Pansi pake pakhale posesa, pongoyenda nkhuku, zimene zimathandiza kutola ciswe.

Patatha mlungu umodzi tsindiraninso patsinde, musanayambe kututira cimanga, ndipo bwerezani mvula yoyamba ikagwa. Denga litulukire kunja mokwanira kuti madzi ake asagwere pa nsanamira. Mwezi uliwonse zungulirani ndi kupala njira za dothi zimene ciswe cimamanga pokwera mtengo. Amene tsopano amasunga cimanga cotonola m'matumba osalowa mpweya kapena m'nkhokwe za malata asanyoze nkhaniyi, pakuti cimanga cimafunabe poumira cisanatonoledwe, ndipo nsanja youmitsira imaima pa nsanamira zomwezi.

Njira iyi ndi imodzi-modzi pomanga khola lokwera la mbuzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti mbuzi zimagwedeza khola, ndipo mkodzo ndi manyowa zimaoletsa mitengo msanga. Cotero mangani mitengo yopingasa pakati pa nsanamira kuti khola lisavine, ndipo colani manyowa patsinde mlungu uliwonse.

Maenje 9 ndi nchito yolemetsa kwa nkhalamba, kwa amai amasiye, ndi kwa aliyense amene thupi lake silinabwerere pambuyo pa njala. Tikupempha akulu a mpingo, a cigwirizano ca amai ndi acinyamata kuti alembe makomo otere m'mwezi wa Malici, ndi kugawana masiku. Anthu asanu ndi mmodzi okhala ndi zitsulo ziwiri angakumbe tsiku loyamba ndi kuimika tsiku laciwiri. Citsulo cokumbira, paipi ya madzi ndi cingwe zingasungidwe kwa mkulu mmodzi ndi kubwerekedwa khomo ndi khomo.

Nsanamira imodzi ikaola nkhokwe ili yodzaza, musaizule. Yambani mwacirikiza mtanda ndi mtengo wamphanda woimika pa mwala wophwatalala pafupi ndi yoolayo, ndi kuukhomerera mpaka utasenza katundu. Pansi pa nkhokwe pasalowe mwana, ndipo munthu asagwire nchitoyi ali yekha. Cirikizani cotero mpaka cimanga citacepa, ndipo pamenepo kumbani dzenje latsopano pambali pa lakale, kuimika mtengo wina, ndi kucotsa woolawo pamodzi ndi citsa cake conse.